Funsani Achimwene: Moto wa ku Montreux ndi Nyimbo Imene Eni Ake Sanaiwerengere

FUNSO: Achimwene, ndine mnyamata wa zaka 19 ndipo ndimaimba gitala m'kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu. Mnzanga anandiphunzitsa kachiyambi ka nyimbo ya Smoke on the Water, ndipo tsiku lina tikudikira anzathu kuti tiyambe pulakatisi ndinangokagundako pang'ono. Mkulu wa mpingo anandimva n'kundikalipira kuti nyimboyo ndi ya chamba, ati utsi akunenawo ndi wa fodya wamkulu, komanso kuti magulu onse a rock ndi a Satana. Mawu ake ine sindiwamva bwinobwino. Kodi nyimboyi imanena chiyani, ndipo anaimba ndani?
Woimba gitala, Zomba

YANKHO: Mphwanga, akuluwo usawayankhe mwano, koma pa nkhani ya utsiyi aphonya. Utsi wa m'nyimbo imeneyi ndi wa nyumba imene inapsa, ndipo tsiku lake likudziwika: 4 Disembala 1971, m'tauni ya Montreux ku Switzerland, m'mphepete mwa nyanja ya Geneva.

Oimba ake ndi Deep Purple, gulu la ku England. Nthawi imeneyo anali anthu asanu: Ritchie Blackmore pa gitala, Jon Lord pa ogani, Ian Paice pa ng'oma, Roger Glover pa besi, ndipo wotsogolera nyimbo anali Ian Gillan. Ku Montreux anapita kukajambula chimbale. Masitudiyo a ku London anali atawatopetsa. Ankadandaula kuti nyimbo zojambulidwa mmenemo zimatuluka zozizira, zosiyana ndi mmene zimamvekera akakhala pansanja anthu ali piringupiringu kutsogolo. Ndiye anagwirizana zobwereka holo yaikulu, n'kuimika zida ngati kuli phwando la nyimbo, koma popanda munthu woonerera. Makina ojambulira anachita hayala kwa a Rolling Stones, amene anali ndi situdiyo yomangidwa m'kati mwa lole, yoti imapita kulikonse kumene kuli msewu ndi magetsi.

Holo imene anaisankha inali m'kasino, nyumba ya juga ya m'tauniyo, imene chaka ndi chaka inkachititsanso chikondwerero cha nyimbo cha Montreux Jazz Festival. Kasinoyo inali pafupi kutsekedwa kuti ikonzedwe m'nyengo yachisanu, ndipo panatsala phwando limodzi lokha lomaliza, la woimba wa ku America Frank Zappa ndi gulu lake la Mothers of Invention. Zappa akachotsa zida zake, a Deep Purple alowetse zawo. Ena mwa iwo anapita kukaonerera. Nyimbo zili m'kati, munthu wina m'khamumo anaombera kudenga mfuti yotulutsa chizindikiro cha moto, ija amaomba apanyanja akakhala pangozi kuti awaone patali. Denga linali lokutidwa ndi zoluka zouma. Moto sunachedwe.

Chodabwitsa n'chakuti palibe anafa. Zappa anaimitsa nyimbo n'kuuza anthu kuti atuluke mwabata. Ndipo panali bambo wina, Claude Nobs, yemwe anayambitsa chikondwerero cha jazz chija mu 1967. Iyeyu ankaidziwa nyumbayo ngodya zonse, choncho ankalowa ndi kutuluka kukakoka achinyamata amene anasokonezeka n'kuthawira kolakwika. Dzina lake lili m'nyimbomo, ndipo chimbale chonse anachipereka kwa iye monga chithokozo. Kasino inapsa yonse, zida za Zappa n'kupita nazo. Lole ya a Rolling Stones anaisuntha isanakhudzidwe. Ndinene pang'ono za Zappa, chifukwa tsoka lake silinathere pamenepo: patapita masiku 6 ali ku Rainbow Theatre ku London, woonerera wina anamukankha kuchoka pansanja, nagwera pansi n'kuvulala kwambiri moti anakhala miyezi akuyendera njinga ya olumala. Munthu mmodzi, masoka awiri, sabata imodzi.

A Deep Purple anabwerera kuhotela kwawo n'kumaonerera malawi ali laŵilaŵi kumwamba, utsi utayala pamwamba pa nyanja. Patapita masiku ochepa Glover anadzuka m'mawa mawu a mutu wa nyimboyi ali pakamwa. Apa ndiye mkulu wa mpingo wako angapezeko pogwira pang'ono, chifukwa Gillan atamva mutuwo nayenso anada nkhawa kuti anthu adzayesa nyimbo ya mankhwala ozunguza bongo. Nkhawa imeneyo ndi yakale kuposa iwe. Koma mawu amene analemba pambuyo pake alibe chobisika.

Tsopano anali ndi lole yolipira tsiku ndi tsiku, koma opanda pojambulira. Nobs anawapezera holo ina yotchedwa Pavilion, pakati pa tauni. Usiku woyamba Blackmore anayamba kugunda kachidutswa kamene mnzako anakuphunzitsako, anzake n'kumutsatira, tepi ikuzungulira. Montreux ndi tauni yabata, ya anthu achuma ndi okalamba opuma pantchito, ndipo phokosolo linamveka kutali. Anthu anaitana apolisi. Anyamata onyamula zida za gululo anagwira zitseko apolisi akugogoda kunja, mpaka nyimbo inafika kumapeto. Maziko a nyimbo imene umamva lero ndi ochokera usiku umenewo. Mawu kunalibe, ngakhale dzina nyimboyo inalibe. Anangoiika pambali.

Atathamangitsidwa kumeneko anakapeza Grand Hotel, chihotela chachikulu chimene chinali chotseka chifukwa cha chisanu, chopanda alendo, chozizira. Sanasankhe chipinda, anasankha kanjira kapakati pa zipinda. Anatenga matiresi m'mabedi n'kutchinga nawo kuti mawu asamabwerere, nayatsa mababu ofiira kuti malowo aoneke ngati pansanja. Lole inaima panja. Popeza kanjirako kanali kodzaza ndi zida ndi matiresi, munthu akafuna kukamva zimene ajambula ankadutsa m'zipinda, kutulukira pakhonde lapamwamba, kulowanso chipinda china, kenako n'kutsikira panja pachisanu mpaka kukafika kulole. Anayenda maulendo angapo n'kutopa. Kuyambira pamenepo ankangoyang'anana: ngati onse akuona kuti yakoma, yakoma basi, tiyeni ina. Amene anali pamakina ndi Martin Birch. Ine ndimakhulupirira kuti ulesi wokamvetsera umenewu ndiwo unapatsa chimbalecho moyo. Pofika pa 21 Disembala anali atamaliza, ndipo chimbale cha Machine Head chinatuluka mu Malichi 1972.

Chakumapeto kwa ntchito anapeza kuti chimbale chikuperewera nyimbo imodzi. Ndi pamene anakumbukira tepi ya ku Pavilion ija. Gillan ndi Glover anakhala pansi n'kungolemba zimene zinawaonekera, motsatana mmene zinachitikira: tinabwera kudzajambula, tinapeza Zappa akuimba, chitsiru china chinaomba mfuti, nyumba inapsa, Claude anapulumutsa ana, tinasowa malo, tinathera ku Grand Hotel, lole ili panja. Nyimbo yonse ndi imeneyo. Iwe wa ku Zomba suyenera kudabwa nazo, pakuti kwanuko Napolo atakokolola mu 1946 anthu anapekanso nyimbo yosimba zimene anaona, ndipo palibe anati akutamanda madzi osefukira.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti eni ake sanaiwerengere. Nyimbo imene ankayembekeza kuti iwadyetsa inali Never Before, ndipo ndi imene anaitulutsa payokha poyamba. Sinapite patali. Smoke on the Water inangokhala m'chimbale ngati yodzazira malo. Anali mawailesi a ku America amene anayamba kuiika mobwerezabwereza, makamaka chitatuluka chimbale cha Made in Japan, chojambulidwa pamaso pa anthu ku Osaka ndi ku Tokyo mu Ogasiti 1972. Kampani inaitulutsa payokha ku America mu Meyi 1973, patatha chaka ndi miyezi Machine Head ili kale pamsika, ndipo inafika pa nambala 4 pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo zotchuka ku America. Mmene inkafika pamenepo n'kuti Gillan atachoka kale m'gululo.

Popeza ndiwe wa gitala, ndikuuzenso ichi. Ambiri amakaimba molakwika kachiyambiko. Amakagunda pa nsambo imodzi yaikulu, kapena amamenya makodi athunthu ndi piki. Blackmore amakoka nsambo ziwiri nthawi imodzi ndi zala, osati piki, n'kuzidula msanga kuti pakati pakhale kampata ka chete. Njira yapafupi ndi kugwira nsambo ziwiri zapakati, ya D ndi ya G, zonse pamodzi: osagwira, fret 3, fret 5, osagwira, 3, 6, 5, osagwira, 3, 5, 3, osagwira. Kiyi yake ndi G minor. Ukamvetsera chimbale bwino upeza kuti gitala siili yokha. Jon Lord akuimba zomwezo pa ogani ya Hammond imene anailumikiza ku ampulifaya ya Marshall, ya gitala, kuti izilira mokhadzula. Kulemera kumene umamva ndi kwa awiriwo. Onanso mmene zida zimalowera chimodzi pambuyo pa chinzake: gitala, kenako timbale ta ng'oma, kenako ng'oma, besi pambuyo. Oimba kwaya ambiri amalowa onse nthawi imodzi ngati akuthamangitsidwa. Phunzirapo apo. Blackmore amakonda kunena kuti anangotembenuza chiyambi cha nyimbo yachisanu ya Beethoven, koma munthu ameneyu amadziwika ndi kunamiza atolankhani nkhope ili gwa, choncho usathamange nazo.

Za Satana ndiyankha motere. M'nyimbo imeneyi mulibe. Gillan yemweyu ndi amene anaimba mbali ya Yesu m'chimbale choyamba cha Jesus Christ Superstar mu 1970, ngakhale sindikulangiza kuti ukatchule zimenezi kwa akuluwo, chifukwa mipingo yambiri sinakondwe nachonso chimbale chimenecho. Koma sindinganame kuti oimba a rock a nthawi imeneyo anali angelo. Mowa ndi mankhwala zinawononga ambiri, ndipo Tommy Bolin, amene anadzaimba gitala m'gulu lomweli, anafa nazo mu Disembala 1976 ali ndi zaka 25. Akuluwo akuopa chinthu chenicheni, angolozera nyimbo yolakwika. Komanso holo ya tchalitchi ili ndi ntchito yake. Kachidutswako kaziimbira kunyumba, ndipo ukawapeza akuluwo ali okondwa, uwasimbire za moto wa ku Montreux mwaulemu.

FUNSO: Achimwene, malemu bambo anga anasiya zimbale zakale zija zakuda, ndipo zitatu ndi za Deep Purple: In Rock, Burn ndi Perfect Strangers. Ndikaziika, mawu a woimba pa Burn ndi osiyana ndi enawo, mayinanso akusiyana. Kodi ndi gulu limodzi, kapena bambo anagulitsidwa zachinyengo?
Mayi wa ku Lilongwe, wokhala ku Johannesburg

YANKHO: Achemwali, pepani ndi imfa ya bambo. Zimbalezo n'zenizeni, ndipo bambowo ankadziwa kusankha. Gululi ndi limodzi, koma anthu alowamo ndi kutuluka kambirimbiri moti okonda nyimbo zake amachita kuwerenga mibadwo: Mark I, Mark II, Mark III, mpaka mtsogolo.

Linayamba mu 1968. Poyamba linkatchedwa Roundabout, ndipo dzina la Deep Purple analitenga ku nyimbo yakale imene agogo ake aakazi a Blackmore ankaikonda. Woimba woyamba anali Rod Evans, pa besi Nick Simper, ndipo anatchuka ku America ndi Hush chaka chomwecho. Blackmore ankafuna nyimbo zolemera kuposa pamenepo, ndi munthu wa mawu otha kukuwa pamwamba pa gitala yake. Mu 1969 awiriwo anawachotsa n'kutenga Gillan ndi Glover ku gulu lina lotchedwa Episode Six. Jon Lord, amene anaphunzira nyimbo za m'mabuku kuyambira ali mwana, anayamba wawakokera ku Royal Albert Hall kukaimba limodzi ndi Royal Philharmonic Orchestra mu Seputembala 1969. Blackmore anapirira, kenako anati tsopano ndi nthawi yanga. Zotsatira zake ndi In Rock ya 1970 imene muli nayoyo. Mukafuna kudziwa chifukwa chake gululi limatchulidwa limodzi ndi Led Zeppelin ndi Black Sabbath ngati eni ake a rock yolemera, yambani ndi chimenecho.

Vuto linali pakati pa Blackmore ndi Gillan. Onse awiri aluso, onse awiri osafuna kugonja, ndipo ulendo wosatha wa mapwando a nyimbo unawatopetsa mpaka anasiya kulankhulana. Gillan analemba kalata yosiya ntchito, naimba komaliza ku Osaka mu Juni 1973. Glover, amene analibe mlandu ndi aliyense, anachoka naye atamva kuti Blackmore sakumufunanso. M'malo mwawo munalowa David Coverdale, mnyamata wosadziwika amene ankagulitsa zovala m'sitolo kumpoto kwa England, ndi Glenn Hughes, woimba besi komanso wa mawu okwera kwambiri. Mawu achilendo amene mukumva pa Burn ya 1974 ndi a awiriwa, akulandizana.

Blackmore sanakhalitsenso. Nyimbo zitayamba kupendekera ku funk iye ananyansidwa, nachoka mu 1975 kukayambitsa Rainbow. Gulu linatha mu 1976, Coverdale n'kukayambitsa Whitesnake. Mu 1984 asanu a ku Montreux aja anabwererana, ndipo Perfect Strangers ndi chipatso cha kubwererana kumeneko. Mkangano wakale unabwereranso nawo. Gillan anachotsedwa mu 1989, anabwerera mu 1992, ndipo mu 1993 Blackmore anachoka ulendo uli pakati, osabwereranso. Masiku ano amaimba nyimbo zofatsa zachikale cha ku Ulaya ndi mkazi wake Candice Night. Steve Morse wa ku America anagwira gitala kuyambira 1994 mpaka 2022, zaka zambiri kuposa Blackmore mwini wake, ndipo atachoka kukadwazika mkazi wake analowa Simon McBride. Jon Lord anapuma mu 2002, namwalira mu Julayi 2012. Mukayang'ana mayina pa zimbale zanu zitatuzo mupeza Blackmore, Lord ndi Paice pa zonse, koma amene sanachokepo chiyambire 1968 ndi woimba ng'oma Ian Paice yekha.

Zimbalezo muzisunge choimika, osati chogoneka mosanjikiza, ndipo zisaone dzuwa, chifukwa zimapindika. Wina akabwera ndi mtengo wachangu musamugulitse musanafunse kwa ogulitsa zimbale zakale, amene ku Johannesburg aliko.

FUNSO: Akulu anzanga, ndimawerenga tsamba lanu, koma mumachulutsa za azungu. Ife kuno tinali ndi rock yathuyathu m'ma 1970. Kodi ku Malawi simunaimve?
Wopuma pantchito ya m'migodi, Chipata

YANKHO: Akulu, mwalasa, ndipo tinkakusilirani. Kwathu kuno nthawi ya Kamuzu wailesi inali imodzi, bungwe lounika nyimbo ndi mafilimu linali maso, ndipo mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankalakwira lamulo. Ngakhale alendo ofika ndi tsitsi logwera m'mapewa ankametedwa asanalowe m'dziko. A Deep Purple akanabwera, lumo likanawalandira pabwalo la ndege. Nyimbo zoterezi tinkazimvera pa zimbale zobwera ndi achibale ochokera ku Joni ndi ku Harare, kapena usiku pa LM Radio ya ku Lourenço Marques isanatsekedwe mu 1975. Ine Machine Head ndinayamba kuimvera pa galamafoni ya msuweni wanga, mawu titatsitsa kuti oyandikana nawo asafunse mafunso.

Inu kwanuko munachita zimene ife sitinathe: munamva Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi Black Sabbath, n'kupanga zanuzanu. Migodi ya kopa inali ndi ndalama, makalabu a ku Kitwe ndi ku Ndola ankafuna magulu oimba, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1970 Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za ku Zambia. Mpamene zinaphuka Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Amanaz ndi chimbale chawo cha Africa cha 1975, WITCH ya Emmanuel Chanda amene anthu anamupatsa dzina la Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Kwa ine Paul Ngozi ndiye woyandikira kwambiri ku zimene takhala tikukambazi. Gitala yake inali yokhadzula, tizidutswa take tafupitafupi tobwerezabwereza, ndipo nyimbo zambiri ankaimba m'Chinyanja, zonena za m'makomboni. Mnyamata wa ku Zomba uja akamvere Day of Judgement ya 1976 akamaliza kuphunzira za Blackmore.

Mtengo wa kopa utagwa, makalabu anachepa, disco inalowa, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari anakhala mphunzitsi, kenako n'kumakumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya. Makampani akunja atayamba kutulutsanso zimbale zakalezo dzina la Zamrock linamveka ku Ulaya ndi ku America, WITCH inadzukanso ndi oimba atsopano, ndipo mu 2023 inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family n'kuchiika m'nyimbo yake, moti ana a ku Los Angeles akumva Chinyanja osadziwa.

Ngati munaonererapo magulu amenewa ndi maso anu ku Copperbelt, tilembereni, mutiuze holo yake, mtengo wa pakhomo ndi zida zimene ankagwiritsa ntchito. Tsamba la mwezi wamawa ndalisungira Zamrock yokhayokha.